Mwana wa Yani? Mau a Pansi pa Zithunzi za Utoto wa Madzi, Kuchokera ku Windsor ndi Tete Kufika ku Eiffel Flats

1.0 CHIYAMBI

Chithunzi cha munthu chimene chiri m'nyumba yosungiramo zinthu zakale chimakhala ndi mbali ziŵiri. Pali nkhope yojambulidwa ndi burashi, ndiponso pali mau ochepa olembedwa m'munsi mwake kapena m'kaundula wa nyumbayo. Akatswiri a zojambula amathera nthaŵi yao pa nkhope. Ife a zinenero udindo wathu uli pa mauwo. M'nkhani ino tifuna kuunika chithunzi cha utoto wa madzi cha mwana wamkazi wa ku Afrika chimene Octavius Oakley anajambula ku England m'chaka cha 1851, ndi kuchiyerekeza ndi zithunzi ziŵiri zimene Thomas Baines anajambula ku Tete m'chaka cha 1859. Mfundo yathu ndi imodzi. Burashi inaona munthu, koma cholembera chinayankha funso lakuti munthuyo mwini wake ndani. Ndipo womasulira mauwo m'Chicheŵa, akapanda kusamala, amabisa yankholo chifukwa cha kachitidwe ka mperekezi wathu wa umwini, -a.

Nkhaniyi yafika pofunika kuikamba. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 anaika Chicheŵa m'gulu la zinenero 16 zovomerezeka ndi boma. Zithunzi zambiri za Baines ziri ku National Archives of Zimbabwe mu Harare, ndipo iye anajambulanso m'dera lomwe lero muli Kadoma, Chegutu ndi Eiffel Flats, kumene kuli zidzukulu za anthu a ku Malaŵi, ku Chipata ndi ku Tete amene anadzagwira ntchito m'migodi. Mau a pansi pa zithunzi zotere akadzamasuliridwa m'Chicheŵa, oŵerenga ake oyamba adzakhala anthu amene agogo ao analembedwa pa chitupa m'kalembedwe kofanana ndi kameneka.

2.0 KHALIDWE LA UTOTO WA MADZI

Tiyambe ndi chipangizo chenichenicho. Utoto wa madzi ndi ufa wa mitundu wosakaniza ndi utomoni wa mtengo wa mtundu wa mthethe. Wojambula amausungunula m'madzi naupaka pa pepala mopyapyala, kotero kuti kuyera kwa pepala kumaonekera pansi pake. Kuŵala kumene timaona pa mphumi kapena m'diso la wojambulidwa kaŵirikaŵiri ndi pepala lenilenilo, losiyidwa dala. Wojambula amayamba ndi mitundu yoŵala namalizira yodera, ndipo akalakwitsa kubweza nkovuta. Pofuna kuonetsa khungu lakuda ayenera kupaka kangapo, nadikira kuti popaka poyamba paume asanabwereze. Motero nkhope ya mwana wa ku Afrika siingatuluke bwino mu utotowu popanda wojambula kuiyang'anitsitsa kwa nthaŵi ndithu. Ichi tichisunge m'mutu, pakuti ndicho chimapatsa zithunzizi mtengo wake.

Kuyambira m'ma 1830 amalonda a ku London, monga Winsor and Newton, ankagulitsa utoto wonyoŵa kale m'timbale ting'onoting'ono ta m'kabokosi koloŵa m'thumba. Kamera ya masiku amenewo inali yolemera ndi yofuna mankhwala ambiri, ndipo siinkatha kuonetsa mitundu. Ndicho chifukwa chake apaulendo, asilikali a pa nyanja ndi amishoni ankadalira utoto wa madzi.

Koma utotowu uli ndi chofooka chimodzi: umafwifwa ukakhalitsa poŵala. Nyumba zosungiramo zithunzi zimatsekera zithunzi zotere m'mabokosi, nkumazitulutsa mwa kamodzikamodzi. Chimene chimayenda ponseponse, m'makaundula, m'mabuku ndi pa intaneti, ndi mau a pansi aja. Wofufuza salemba nkhope pa kompyuta, amalemba dzina. Chotero mau asanu kapena khumi amene munthu analemba mofulumira ndiwo asanduka khomo lokhalo loloŵera ku chithunzi.

3.0 MWANA WA MAINA ATATU

Mwana amene Oakley anajambula anabadwa cha m'ma 1843 pakati pa Aegbado, anthu a chinenero cha Chiyoruba, m'dziko limene lero ndi Nigeria. M'chaka cha 1848 ankhondo a Ghezo, mfumu ya Dahomey, anathira nkhondo mudzi wa Oke-Odan, napha makolo ake, natenga mwanayo ukapolo. Mu 1850 Frederick Forbes, kapitao wa sitima yankhondo yotchedwa HMS Bonetta, anafika kwa Ghezo kudzamnyengerera kuti aleke malonda a akapolo. Ghezo sanaleke, koma anapereka mwanayo kwa Forbes, ndipo Forbes anamtenga monga mphatso ya Mfumukazi Victoria. Amishoni anambatiza ku Badagry. Pa 9 Novembala 1850 anaonekera kwa Mfumukazi ku Windsor, ndipo chaka chotsatira anajambulidwa, ali ndi zaka pafupifupi 8. Chithunzicho chiri m'chuma cha banja lachifumu la ku Britain.

Dzina limene chithunzichi chimadziŵika nalo ndi Sarah Forbes Bonetta. Tiligaŵe patatu. Sarah ndi dzina la m'Baibulo la pa ubatizo. Forbes ndi dzina la munthu amene anamnyamula. Bonetta ndi dzina la sitima. Mwa Angerezi a nthaŵi imeneyo chithunzi cha mwana chinali chinthu cha pa banja: makolo ndiwo ankalipira wojambula, napachika chithunzicho pakhoma, ndipo dzina lotsiriza la mwanayo linkaloza bambo ake ndi agogo ake. Chithunzi cha Oakley chimabwereka maonekedwe ameneŵa. Mwana ali yekha pa pepala, wojambulidwa mwaulemu monga mwana wa pa banja lolemera. Koma tikatsata dzinalo kuti litifikitse kwa makolo, limatifikitsa pa doko. Malo a chiwongo mwakhala chombo chimene chinamtuta.

Ndi bwino kudziŵanso kuti Oakley anatchuka ndi zithunzi za anthu osamukasamuka otchedwa Roma, kufikira anzake anampatsa dzina lakuti Gipsy Oakley. Dzanja lake linazoloŵera kujambula anthu amene ogula zithunzi ankaŵayesa achilendo ndi okondweretsa maso. M'chithunzi cha mwanayu mwakumana miyambo iŵiri: wa chithunzi cha mwana wa pa banja, ndi wa chithunzi cha chitsanzo cha mtundu. Buku la Forbes la 1851 lonena za Dahomey liri ndi chithunzi china cha mwana yemweyo, ndipo mau a pansi pake amamtchula wogwidwa wa ku Afrika, dziko lonse lalikululo kuloŵa m'malo mwa mudzi umodzi.

Dzina lake lobadwa nalo linali Aina. Mwa Ayoruba dzinali amapatsa mwana wobadwa mchombo utamkulunga m'khosi. Ife Acheŵa tidziŵa maina otere, onga Mavuto, Masiye kapena Maliro, amene amasunga mbiri ya tsiku lobadwa. Dzina lakuti Aina ndi umboni wa azamba amene anali m'chikuta tsiku limenelo, ndipo ndicho chinthu chokhacho cha kwa amake chimene mwanayu anaoloka nacho nyanja. Iye sanalitaye. Pamene ankakwatiwa ndi James Pinson Labulo Davies ku Brighton mu Ogasiti 1862, m'kaundula wa ukwati munalembedwa Ina patsogolo pa maina atatu aja. Anamwalira ku Madeira mu 1880.

Zoterezi zinachitikanso kwathu. Pa 16 Julaye 1861, pamudzi wa Mbame kumtunda kwa Shire, David Livingstone ndi anzake anamasula akapolo 84, ambiri mwa iwo akazi ndi ana, ndipo ameneŵa ndiwo anakhala chiyambi cha mishoni ya Bishopu Charles Mackenzie ku Magomero. Mwa ana amene mishoniyo inasunga munali Chuma, amene anabatizidwa James ku Bombay, ndi Daoma, amene anatengedwa kupita ku Cape Town natchedwa Anne, dzina la mlongo wake wa Bishopu. Aŵa maina ao a kumudzi anatsalako. Wa ku Oke-Odan uja, pansi pa chithunzi chake, sanamsiyire ngakhale limodzi.

4.0 SHIBANTE NDI CONDE

Tsopano tibwere kufupi, ku Zambezi. Thomas Baines, wobadwira ku King's Lynn mu 1820, analembedwa ntchito ziŵiri pa ulendo wa Livingstone wa 1858: kujambula ndi kusunga katundu. M'kalata yomlangiza ntchito, Livingstone anamuuza kuti ajambule anthu oimira mtundu uliwonse umene adzakumane nao, kuti ngati nkotheka ayezenso kukula kwa mitu yao, ndi kuti asankhe a nkhope zokongola, popeza Azungu pojambula mtundu wao amasankha okongola. Cholinga cha langizo lotsirizali chinali chabwino, pakuti Livingstone ankadana ndi zithunzi zonyoza Aafrika. Komabe chimene kalatayo inkafuna ndi zitsanzo. Siinapemphe dzina la munthu.

Baines anachita zoposa zimene anauzidwa. Ku Royal Geographical Society mu London kuli zithunzi zake ziŵiri za utoto wa madzi za mu 1859 zokhala ndi mitu iyi:

(1) Conde, a native of Tete

(2) Shibante, a native of Mazaro, boatman and pilot, belonging to Major Sicard

Tiyenera kumyamika Baines. Ojambula ambiri a nthaŵi yake akadalemba mtundu wokha. Iye analemba dzina, kwao kwa munthu, ndipo pa (2) analembanso ntchito yake. Kuongolera bwato pa Zambezi, mtsinje wa michenga yosuntha chaka ndi chaka, ndi luso limene sitima ya Livingstone, Ma Robert, inkalisoŵa pamene inkatitimira m'michengamo. Shibante anali katswiri.

Maina aŵiriŵa ali ndi zotiphunzitsa. Ku Tete kumalankhulidwa Chinyungwe, ndipo ku Mazaro, kumunsi kwa mtsinje, Chisena. M'kagaŵidwe ka Malcolm Guthrie zinenerozi ndi N43 ndi N44, abale apafupi a Chicheŵa, chimene ndi N31. Zonse zitatu ziri ndi mphatikiram'mbuyo chi- wa gulu la maina onga chinthu ndi chisale. Apwitikizi amalemba ch koma amatchula sh. Ndicho chifukwa chake m'zolemba za ulendowu timapeza Shupanga m'malo mwa Chupanga, Shirwa m'malo mwa Chilwa, ndi Shire amene Apwitikizi amalemba Chire. Nzoona kuti Chisena ndi Chinyungwe ziri ndi liu la sh m'mau ena, monga m'liu lao lotanthauza bwenzi. Koma potsata zitsanzo zitatuzi, ife tiganiza kuti Shibante ndi Chibante, dzina limene linafika m'khutu la Baines kudzera pakamwa pa Mpwitikizi. Conde nalo liri ndi nkhope ziŵiri. Likhoza kukhala Konde wa Chibantu wolembedwa m'kalembedwe ka Chipwitikizi, ndiponso conde ndi liu la Chipwitikizi la udindo wa mfulu yolemekezeka, ndipo eni akapolo m'maiko ambiri ankakonda kupatsa akapolo ao maina aulemu otere mwachipongwe. Njira zonse ziŵirizi zitisonyeza chinthu chimodzi: pakati pa wojambula ndi wojambulidwa panaima chinenero cha mbuye.

Mbuyeyo watchulidwa pa (2). Major Tito Sicard anali mkulu wa asilikali ku Tete, bwenzi la Livingstone, amene anasunga Amakololo ake kuyambira 1856. Lamulo la Portugal la 1858 linangolonjeza kuti ukapolo udzatha pakapita zaka 20. Mu 1859 unali wololedwa ku Tete. Motero wojambula wa ulendo wodzathetsa ukapolo analemba, mosadodoma, kuti munthu uyu ngwa uje. Baines mwini anachotsedwa ntchito chaka chomwecho, pomnenera kuti anasakaza katundu wa ulendo ndi kuti ankataya nthaŵi ndi utoto pojambula Apwitikizi.

5.0 MPEREKEZI WA UMWINI

Tafika pa phata la nkhani. Taonani zitsanzo izi:

(3) a. mwana wa Naphiri
b. munthu wa ku Tete
c. bwato la Major Sicard
d. mmalinyero wa Major Sicard

M'zitsanzo zonsezi tsinde ndi limodzi, -a, ndipo chimasintha ndi mgwirizanitsi yekha malinga ndi gulu la dzina: wa, la, cha, ya. Koma (3a) ndi ubale wa magazi, (3b) ndi kochokera, (3c) ndi chuma, ndipo (3d) ikhoza kukhala ntchito yolipidwa kapena ukapolo. Chingerezi cha Baines chinasiyanitsa: "native of" pa kochokera, "belonging to" pa chuma. Womasulira wofuna Chicheŵa chosalala adzalemba kuti "Shibante wa ku Mazaro, mmalinyero wa Major Sicard". Chiganizochi nchokoma m'khutu, ndipo galamala yake ilibe banga. Koma woŵerenga wa ku Eiffel Flats adzachimva monga amvera "dalaivala wa kampani" kapena "kapitao wa mgodi", munthu wolandira malipiro pa mwezi. Ukapolo wazimirira m'kumasulira, pamene m'Chingerezi unali poyera.

Tisaname kuti kubisa kotere nkwachilendo pakati pathu. Makolo athu anali ndi akapolo ndi anthu a chikole, ndipo kaŵirikaŵiri ankaŵatchula ndi mau a ubale: mwana wanga, mdzukulu wanga. Mwamuna wa chikamwini ankakonda ana a mkazi wake wa ukapolo chifukwa analibe malume wodzaŵatenga; anali akeake. Mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye, uli ndi chifundo m'chigawo choyamba ndi phindu m'chigawo chachiŵiri, ndipo -a yemweyo asenza zonse ziŵiri. Forbes ndi Mfumukazi anamsamala Aina, namlipirira sukulu; anadyanso naye, pakuti nzeru za mwanayo zinkaonetsedwa monga umboni wa ntchito yabwino ya Britain.

Nanga tingasiyanitse bwanji -a wa ubale ndi -a wa chuma, popeza maonekedwe ndi amodzi? Chinenero chathu chomwe chitipatsa muyeso. Pa ubale weniweni dzina limayenda mbali zonse ziŵiri. Mwana ndi wa Naphiri, komanso Naphiri amasanduka amake a Chikondi, ndipo mwamuna wake bambo a Chikondi, kufikira maina ao akale aiŵalika pamudzi. Kholo limalola kutchulidwa ndi dzina la mwana, ndipo limakondwa nako. Pa chuma dzina limayenda mbali imodzi yokha. Shibante anadziŵika ndi Sicard, koma palibe anamuitana Sicard ndi dzina la Shibante. Aina anatenga dzina la sitima, sitima siinatenge lake.

Kusintha dzina pakokha si mlandu. Pa chinamwali mtsikana ndi mnyamata amalandira dzina latsopano. Koma olipereka ndi anthu odziŵa lakale, ndipo mfunda wake, Phiri kapena Banda, Nambeŵe kapena Nankhoma, sukhudzidwa. Dzina la pa chinamwali limaonjezera abale. La pa sitima linadula amene analipo.

Liu lakuti "native" nalo liri ndi msampha wake. Liu lathu lapafupi ndi mbadwa, ndipo mbadwa ndi liu laulemu: mwini nthaka, munthu amene manda a makolo ake ali pomwepo. Pa (1) ndi (2) tikhoza kulemba "mbadwa ya ku Tete" popanda kulakwa kwenikweni. Koma patapita zaka 40 liu la Chingerezi lija linasanduka dzina la gulu la anthu pa malamulo, ndipo pamenepo mbadwa sirikwananso. Izi zititengera ku Kadoma.

6.0 KUCHOKERA PA CHITHUNZI KUFIKA PA CHITUPA

Patapita zaka khumi chichokere ku Tete, mu 1869, Baines analoŵa m'dziko la Mashona atatumidwa ndi kampani yofuna golide. Anayenda ndi Henry Hartley, mlenje wa njovu amene mu 1866 ndi 1867 anaonetsa Karl Mauch migodi yakale ya m'deralo. Baines anatcha mapiri a pafupi ndi mtsinje wa Mupfure kuti Hartley Hills, ndipo mu 1871 analandira kalata ya chilolezo cha migodi kwa Lobengula. Chimodzi mwa zithunzi zake zodziŵika chimaonetsa Hartley ndi njovu yakufa pambali pa mwala wa golide, ndipo mutu wake umati ichi ndicho chinatsogolera ku kutulukira kwa golideyo. Apanso cholembera chapereka kwa mlendo chinthu chimene eni dziko anakumba zaka mazana ambiri m'mbuyomo. Baines anamwalira ku Durban mu 1875 osapindula kanthu, koma chilolezo chake chinadzagwera m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes, ndipo mu 1890 ofuna golide anathamangira ku Hartley Hills.

M'dera lomwelo munakula matauni a Hartley ndi Gatooma, ndi mgodi wa Cam and Motor ku Eiffel Flats, umene unakhala mwa migodi ya golide yaikulu koposa m'Southern Rhodesia. Migodi yotere inadalira anthu a kumpoto. Msonkho wa nyumba ku Nyasaland, ndi bungwe la Rhodesian Native Labour Bureau limene linayamba mu 1903, limene anthu analitcha chibaro, zinatsitsa amuna zikwi zambiri, ena kudzera pa Tete pomwe paja. Charles van Onselen analongosola moyo wao wa m'komboni m'buku lake la 1976. Aliyense wa iwo anayenera kuyenda ndi chitupa, ndipo pa chitupa pankalembedwa dzina, mtundu, boma ndi mfumu ya kwao, ndi bwana amene akumgwirira ntchito. Tikaika mndandandawu pambali pa (2) tiona kuti ndi womwewo: dzina lolembedwa monga mlembi analimvera, kochokera, ntchito, mwini. Chimene chasoŵapo ndi burashi, ndiye kuti munthu wokhala pansi kuyang'ana nkhope ya mnzake.

Maina onga Supuni, Tebulo ndi Sitima, amene lero ndi maina a mabanja olemekezeka, ambiri anabadwira m'nyengo imeneyi ya ntchito za kwa Azungu. Ena anachita kupatsidwa, ena anadzisankhira, ndipo ogwira ntchito anaphunzira kusinthana zitupa ndi maina pothaŵa mabwana ankhanza. Boma linkaŵatcha "alien natives". M'Chicheŵa mauŵa akhala "mbadwa zachilendo", chinthu chosatheka, monga kunena madzi ouma. Ndipo kusatheka kwake kuulula bodza la mauwo. Anansi ao anaŵatcha Mabhurandaya, kuchokera ku Blantyre, ngakhale anali a ku Dedza kapena ku Kasungu. Kwao anaŵatcha machona.

Mu 1982 Gatooma inakhala Kadoma, Hartley nakhala Chegutu: dziko linakonza mau a pansi pa chithunzi chake. Koma zitupa za ana a machona zinakhalabe ndi chizindikiro cha mlendo, ndipo kusintha kwa lamulo la unzika kwa 2001 kunachotsera ambiri a iwo ufulu wovota. M'ndale za zaka zimenezo anatukwanidwa kuti ndi anthu opanda mutupo, liu la Chishona lofanana ndi mfunda wathu, pamene m'komboni Aphiri ndi Abanda ankalonjerana ndi mifunda yao tsiku ndi tsiku, ndi kuvina gule wamkulu pa maliro a abale ao. Mfunda unalipo, chitupa ndicho chinalibe mzere wolembapo. Ndime 43 ya malamulo a 2013 inabwezera unzika wobadwa nao kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lao linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC.

7.0 MAU OMALIZA

Chigamulo chathu pa zithunzizi nchakuti nkhope ziri bwino kuposa mau ake. Oakley ndi Baines anakakamizidwa ndi utoto wao kuyang'anitsitsa, ndipo chifukwa cha ichi tiri ndi nkhope za anthu atatu amene mbiri ikadaŵameza. Mau a pansi ndiwo anatumikira mabwana. Womasulira m'Chicheŵa tikumpempha zinthu zitatu.

Choyamba, asalole -a kuimira chuma pamene akunena za munthu. Atchule poyera amene ananena kuti munthuyo ndi chuma cha wina. Chachiŵiri, apeŵe msintho wochitidwa wa mneni pamene wochita akudziŵika. "Anatchedwa Sarah" ndi "anaperekedwa kwa Mfumukazi" zimabisa dzanja; "Forbes anamutcha" ndi "Ghezo anampereka" zimalionetsa. Chachitatu, ayambe ndi dzina la kumudzi ngati lapulumuka. Potsata izi tingalembe motere:

(4) Aina, mwana wa Chiyoruba wa ku Oke-Odan, wa zaka pafupifupi 8. Frederick Forbes anamutcha Sarah Forbes Bonetta mu 1850, ndipo iye anagwiritsa ntchito dzinali moyo wake wonse. Wojambula: Octavius Oakley, 1851.

(5) Shibante, mbadwa ya ku Mazaro, woongolera mabwato pa Zambezi. Baines analemba kuti mwini wake anali Major Sicard wa ku Tete, kumene ukapolo unali wololedwa. Wojambula: Thomas Baines, 1859.

Ena adzati kukonza mau otere nkuononga umboni wa mbiri. Nkhaŵa yao njomveka, ndipo yankho lathu nlakuti mau akale asafafanizidwe. Akhale pomwepo, m'Chingerezi chao ndi chaka chao, kuti woŵerenga aone yekha zimene cholembera chinachita. A Chicheŵa akhale pambali pake. Enanso adzati mai uja anadzitcha Sarah m'makalata ake, ndipo si kwa ife kumlanda dzina kachiŵiri. Nchifukwa chake pa (4) tasunga onse aŵiri, monga momwe kaundula wa ukwati wake anasungira.

Zotsala ndi ntchito ya manja. Zolemba za Baines za ulendo wa ku migodi, zimene J. P. R. Wallis anasindikiza m'mabuku atatu mu 1946, ziri ndi maina ambiri a anthu, mitsinje ndi mapiri olembedwa monga khutu la Mngerezi linamvera. Tipempha anzathu a Chishona ndi Chindebele kuti aŵerenge zimenezo, ndi anzathu a Chinyungwe ndi Chisena kuti aŵerenge mitu ya zithunzi za ku Zambezi, dzina ndi dzina, pamodzi ndi akuluakulu a m'makomboni a Kadoma ndi Chegutu amene akudziŵabe mifunda ndi midzi ya kwao. Mwana wa sukulu wa ku Eiffel Flats akadzaima patsogolo pa chithunzi chotere adzafunsa funso limene Mcheŵa aliyense amafunsa poona mwana wosamdziŵa, lakuti kodi ameneyu ndi mwana wa yani, ndipo mau a m'munsi ayenera kumuyankha zoona.